Chimphona ndi Wezulo: Nkhani ya Mafaulo pa Masewera a Basiketibolo

Nkhani ya lero ichokera kutali, ku dziko la America, ndipo ikhudza masewera a basiketibolo m'ligi yaikulu ya akatswiri yotchedwa National Basketball Association, imene anthu amangoitchula mwachidule kuti NBA. Omvera ambiri adazolowera mpira wamiyendo, kumene wosewera angathe kulakwa kangapo konse koma n'kumaliza masewera bwinobwino, malinga woimbira asamuonetse kadi. Ku basiketibolo mwayi wotere kulibe. Nthawi iliyonse pamene wosewera wakankha, wagwira kapena wamenya dzanja la mnzake mosemphana ndi lamulo, woimbira amaliza wezulo, ndipo alembi okhala patebulo pambali pa bwalo amalemba cholakwacho pa dzina lake. Cholakwa chimenechi ndiye faulo. Wosewera akakwanitsa mafaulo 6 amatuluka m'bwalo osabwereramonso tsiku limenelo. M'malo mwake mumalowa wina, koma iyeyo zake zimakhala zatha.

Masewera a NBA amatenga mphindi 48, zogawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 12. Maiko ena ambiri, kuphatikizapo a muno mu Africa, amatsata malamulo a bungwe la FIBA, amene amati masewera akhale a mphindi 40 ndipo wosewera atuluke pa faulo yachisanu. Munthu akawerengera bwino apeza kuti muyeso ndi umodzi: konsekonse wosewera amaloledwa faulo imodzi pa mphindi 8 zilizonse. Chimenechi ndicho chuma chake chonse, ndipo ayenera kuchisunga monga mmene mlimi wanzeru amasungira chimanga m'nkhokwe kuti chimufikitse ku zokolola zina.

Mwa osewera asanu a timu, amene lamuloli limamulemera koposa ndi senta. Senta ndi wosewera wamtali kuposa anzake, kawirikawiri wa msinkhu wa mafiti 7, ndiye kuti wopitirira mamita awiri, ndipo malo ake ndi pansi pa dengu. Dengulo limakhala mafiti 10 kuchokera pansi. Adani akadutsa osewera ena onse, womaliza kukumana naye ndi iyeyu. Motero senta amalipira zolakwa zake ndi za anzake zomwe, pakuti mnzake akapusitsidwa kunja uko, amene ayenera kuimika mdani wobwera ndi liwiro lonse ndi senta. Kuwonjezera apo, mpira ukaphonya dengu, ndiyenso amene amalimbirana ndi zimphona zinzake kuti autole, phewa ndi phewa, chigongono ndi chigongono. Pamalo ochepa chotere, pamene matupi akuluakulu akukhudzana mphindi iliyonse, wezulo siichedwa kulira. N'chifukwa chake wosewera amene adalembedwa mafaulo ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya NBA ndi senta, Kareem Abdul-Jabbar, amene adasonkhanitsa mafaulo 4,657 pa zaka 20 zimene adasewera. Senta winanso, Darryl Dawkins, adachita mafaulo 386 m'nyengo imodzi yokha ya 1983 mpaka 1984, ndipo palibe amene adaposa chiwerengero chimenechi.

Vuto la mafaulo limayamba wosewera asanafike n'komwe pa faulo yomaliza. Aphunzitsi ambiri ali ndi chizolowezi chakuti senta akachita mafaulo awiri m'chigawo choyamba, kapena atatu nthawi yopuma isanakwane, amamukhazika pabenchi kuti amusungire kumapeto. Tsono taonani chodabwitsa chake: lamulo silinamutulutse, koma mantha a mphunzitsi wake amutulutsa kale. Akatswiri ena owerengera za masewerawa akhala akunena kuti chizolowezichi chimataya mphindi zambiri za wosewera wabwino kuposa zimene akadataya akadangosiyidwa m'bwalo. Aphunzitsi nawo amayankha kuti senta wa mafaulo ambiri amakhala ngati mlonda womangidwa manja. Adani amadziwa kuti akuopa, choncho amamuthamangira dala kuti asankhe chimodzi mwa ziwiri: kuwapatsa njira yopita kudengu, kapena kuwatchinga n'kuika moyo wake wa tsikulo m'manja mwa woimbira.

Palibe munthu amene nkhaniyi imamveka bwino pa iye kuposa Wilt Chamberlain. Chimphona chimenechi, chotalika mafiti 7 ndi inchi imodzi, chidasewera mu NBA kuyambira 1959 mpaka 1973. Mphamvu zake zidali zoopsa kotero kuti mu 1964 akuluakulu a ligi adakulitsa dera la pansi pa dengu kuchoka pa mafiti 12 kufika pa 16, pofuna kumukankhira kutali pang'ono. M'nyengo ya 1961 mpaka 1962 ankamwetsa mapointi 50 pa masewera alionse tikawagawa mofanana, ndipo nyengo yonseyo adakhala kunja kwa bwalo mphindi 8 zokha, pamene woimbira adamuthamangitsa chifukwa chokangana naye. Koma mbiri imene anthu amaikumbukira pa nkhani ya lero ndi iyi: pa masewera 1,045 a ligi, ndi enanso 160 a ndime zopikisanirana chikho, Chamberlain sadatulutsidwepo ngakhale kamodzi chifukwa chokwanitsa mafaulo 6.

Mbiri yotereyi idali ulemu, komanso idasanduka goli. Ena mwa amene adasewera naye adanena poyera kuti Chamberlain akafika pa faulo yachinayi kapena yachisanu ankaleka kutchinga mwamphamvu, poteteza mbiri yakeyo. Nkhani imeneyi idafika pachimake pa 5 May 1969, pa masewera achisanu ndi chiwiri, omaliza, olimbirana chikho pakati pa timu yake ya Los Angeles Lakers ndi Boston Celtics. Mwini timu ya Lakers adali atapachika kale mabaluni kudenga la bwalo kukonzekera chikondwerero. M'chigawo chachitatu Chamberlain adalembedwa faulo yachisanu, ndipo pofika kumapeto kwa chigawocho a Boston adali patsogolo ndi mapointi 15. Senta wa Boston, Bill Russell, amene adalinso mphunzitsi wa timu yake, nayenso adafika pa mafaulo asanu m'chigawo chomaliza. Motero zimphona ziwiri zotchuka koposa m'nthawi imeneyo zidaima moyang'anana, aliyense atatsala ndi faulo imodzi yokha.

Kutatsala mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, Chamberlain adavulala bondo natuluka. Atapezako bwino adapempha kuti abwerere, koma mphunzitsi wake, Butch van Breda Kolff, adakana, poona kuti timu ikuyenda bwino ndi Mel Counts amene adalowa m'malo mwake. A Lakers adayandikira mpaka kutsala ndi pointi imodzi, koma wosewera wa Boston, Don Nelson, adaponya mpira umene udagunda chitsulo cha dengu, n'kudumphira m'mwamba, n'kugwera mkati. A Boston adapambana 108 kwa 106. Russell adamaliza masewerawo ali m'bwalo ndi mafaulo ake asanu, natenga chikho chake cha nambala 11, ndipo adapuma pa masewera chaka chomwecho. Mabaluni aja sadatsike. Mbiri ya Chamberlain ya mafaulo idakhalabe yosadetsedwa, koma chikho chidapita ku Boston.

Dzina la Don Nelson omvera alisunge, pakuti libweranso. Koma poyamba nkhani ipite kwa mwana wa Africa amene adayenda njira ina. Hakeem Olajuwon adabadwira ku Lagos, m'dziko la Nigeria, mu 1963, ndipo ali mnyamata ankasewera mpira wamiyendo monga goloboyi. Basiketibolo adaiyamba mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 15. Atalowa mu NBA ndi timu ya Houston Rockets mu 1984, ankadumphira mpira uliwonse woponyedwa pafupi naye, monga goloboyi amene safuna kuti kanthu kamudutse, ndipo mafaulo adamuchulukira kwambiri m'chaka chake choyamba. Adalinso wa mtima wapachala. Mu 1986, pa masewera ofunika olimbana ndi Lakers, adathamangitsidwa m'bwalo chifukwa cha ndewu, ndipo adaonera kunja pamene anzake ankamaliza ntchito.

Pang'ono ndi pang'ono Olajuwon adaphunzira zimene akuluakulu adanena, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adaphunzira kusadumpha pamene mdani wangonamizira kuponya, kudikira kuti mpira uchoke m'manja, ndi kuukhudza mpirawo osakhudza mkono. Adaphunziranso kuugwira mtima. Pamene ankapuma mu 2002 adali atatchinga mipira 3,830, kuposa wina aliyense chiyambire kulemba chiwerengero chimenechi mu 1973, ndipo adali atapatsa Houston zikho ziwiri, mu 1994 ndi 1995. Womutsatira pa mndandanda umenewu ndi wa ku Africa yemwe, Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene adatchinga mipira 3,289 ndipo adamwalira mu 2024. Mutombo adali ndi nkhani yakeyake ndi oimbira. Akatchinga mpira ankagwedeza chala pamaso pa mdani wake, ndipo oimbira adayamba kumulanga kuti akunyoza. Iye sadasiye mwambowo, koma adatembenuka n'kumagwedezera chalacho kwa anthu oonerera.

Kufikira pano nkhani yakhala ya wosewera. Tsono n'kofunika kuona mbali ya woimbira, pakuti ntchito yake pansi pa dengu ndi yolemera zedi. Kuyambira 1988 masewera a NBA amaimbidwa ndi anthu atatu, koma ngakhale maso asanu ndi limodzi sangaone zonse. Mmodzi amaima kuseri kwa dengu, ndipo kawirikawiri chimene amaona ndi msana wa chimphona. Lamulo silinena kuti kukhudzana kulikonse ndi faulo. Woimbira ayenera kuweruza, m'kuphethira kwa diso, ngati kukhudzanako kwapatsa wina mwayi wosayenera, ngati wotchinga adafika pamalopo poyamba mapazi ali pansi, ndiponso amene wayamba kugunda mnzake ndani. Chigamulo chimodzi chingathe kupita uku kapena uko, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala ndi mboni zikwizikwi m'bwalo.

Wosewera amene adasautsa oimbira koposa ndi Shaquille O'Neal, amene adalowa mu NBA mu 1992. Msinkhu wake udali wofanana ndi wa Chamberlain, koma ankalemera makilogalamu oposa 140. Akalandira mpira pafupi ndi dengu ankabwerera chambuyo, kukankha womutchinga ndi msana ndi phewa mpaka atafika pamene akufuna. Adani ankadandaula kuti amenewa ndi mafaulo a O'Neal amene oimbira akuwalekerera. O'Neal naye ankadandaula kuti amamenyedwa mikono ndi kukoledwa m'khosi popanda wezulo kulira, chifukwa nkhonya imene ingagwetse munthu wamba iye siinkamusuntha n'komwe. Onse awiri ankanena zoona. Woimbira amaona faulo kudzera mu zotsatira zake, ndipo pa thupi lotere zotsatira sizioneka. Mbali inayi, wotchinga wochenjera adazindikira kuti akadzigwetsa chagada atangokhudzidwa pang'ono, woimbira angakhulupirire kuti wagundidwa.

O'Neal adali ndi chofooka chimodzi. Wosewera akachitidwa faulo poponya, kapena timu ya adani ikapitirira mafaulo anayi m'chigawo chimodzi, amapatsidwa mwayi woponya mipira yaulere ali pa mzere wa mafiti 15, popanda womutchinga. Akatswiri ambiri amamwetsa mipira itatu mwa inayi yotere. O'Neal ankamwetsa theka lokha, kapena kuposerapo pang'ono. Don Nelson uja, amene tsopano adali mphunzitsi wa Dallas Mavericks, adawerengera kuti n'kwabwino kumuchita faulo dala munthu wotere kusiyana ndi kumulola kusewera. Adayamba kuyesa nzeruyi pa Dennis Rodman mu 1997, kenaka adaitembenuzira kwa O'Neal, ndipo aphunzitsi ena adatengera. Matimu adayamba kusunga zimphona ziwiri kapena zitatu pabenchi, zimene ntchito yake yaikulu idali kubweretsa mafaulo 6 aliyense kuti akawathere pa O'Neal. Mu June 2000, pa masewera achiwiri olimbirana chikho ndi Indiana Pacers, O'Neal adaponya mipira yaulere 39 tsiku limodzi, namwetsa 18. Faulo, imene idakhazikitsidwa kuti ikhale chilango, idasanduka chida.

Zonsezi zidakumana pamodzi pa 31 May 2002, mumzinda wa Los Angeles. Timu ya Sacramento Kings idali itapambana masewera atatu, Lakers awiri, ndipo a Kings akadapambana tsikulo akadapita ku ndime yomaliza. Senta wawo adali Vlade Divac wa ku Serbia, munthu wanzeru pa masewera, amenenso ankadziwika ndi luso lodzigwetsa lija. Womuthandiza adali Scot Pollard. Pollard adakwanitsa mafaulo 6 atasewera mphindi 11 zokha. Divac nayenso adatulutsidwa m'chigawo chomaliza, ndipo Chris Webber, amene adatsala kuti alimbane ndi O'Neal, adafika pa mafaulo asanu. M'chigawo chomaliza chokhacho a Lakers adapatsidwa mipira yaulere 27, pamene a Kings adapatsidwa 9. Kutatsala masekondi owerengeka, chigongono cha Kobe Bryant chidagunda mphuno ya Mike Bibby wa Kings, koma Bryant sadalembedwe faulo. O'Neal adamwetsa mapointi 41, ndipo a Lakers adapambana 106 kwa 102. Patapita masiku awiri adapambananso ku Sacramento, ndipo pambuyo pake adatenga chikho.

Mlandu suola. Bambo Ralph Nader, womenyera ufulu wa anthu ogula katundu ku America, adalembera kalata mkulu wa ligi, Bambo David Stern, kupempha kuti kaimbidwe ka masewerawo kafufuzidwe. Mu 2007 kudadziwika kuti woimbira wina wa NBA, Tim Donaghy, ankabetcha pa masewera, kuphatikizapo amene iye mwini ankaimbira, ndipo adavomera mlandu kukhoti. Donaghy sadali mmodzi mwa oimbira atatu a tsiku lija, koma mu 2008 adanena kudzera mwa loya wake kuti awiri mwa iwo adakondera dala kuti masewera apitirire. Bambo Stern adakana kwamtuwagalu, ponena kuti awa ndi mawu a munthu wofuna kuchepetsa chilango chake. Donaghy adalamulidwa kukhala kundende miyezi 15. Bambo Lawrence Pedowitz, amene ligi idawapempha kufufuza, adapereka lipoti lawo chaka chomwecho, ndipo adapeza kuti masewerawo adaimbidwa molakwika m'malo angapo, koma sadapeze umboni wakuti panali chiwembu. Anthu a ku Sacramento ambiri sadakhutire, ndipo timu yawo sidafikeponso pafupi chotero ndi chikho.

Apa ndi pamene pagona kulemera kwa nkhani yonseyi. Masewera amaima pa chikhulupiriro chakuti wezulo ikulira mofanana mbali zonse. Woimbira akalakwitsa pa mpira wotuluka kunja, timu imataya mwayi umodzi. Akalakwitsa pa faulo ya senta, cholakwacho chimakhala m'buku mpaka kumapeto. Chimasintha mmene senta adzatchingire mphindi zonse zotsala, chimasintha maganizo a mphunzitsi, ndipo mwina chimachotsa m'bwalo munthu amene timu yonse yatsamira pa iye.

Pozindikira zimenezi, akuluakulu a NBA akhala akukonza malamulo kuti achepetse malo a kukayika. Mu 1997 adajambula kamzere kokhota, mafiti 4 kuchokera pakati pa dengu, ndipo wotchinga wobwera kudzathandiza akaima mkati mwa kamzereka sangapindule ndi kugundidwa. Koma padatsala khomo limodzi: wotchinga akadumpha molunjika m'mwamba, mikono ili chilili, osapendekera kutsogolo, mlengalenga mmenemo ndi mwake, ndipo womugunda ndiye mwini mlandu. Roy Hibbert wa Indiana Pacers, amene m'zaka zake zoyamba ankavutika kwambiri ndi mafaulo, adaphunzira kadumphidwe kameneka mpaka kadasanduka chizindikiro chake, ndipo mu 2013 adatchinga nako mpira wa Carmelo Anthony wa New York pakamwa penipeni pa dengu, pa masewera amene adapititsa timu yake patsogolo. Masenta ambiri a masiku ano amaphunzitsidwa njira yomweyo.

Mu 2012 ligi idayamba kulipiritsa chindapusa osewera odzigwetsa dala. Mu 2015 idayamba kufalitsa malipoti osonyeza zimene oimbira adalondola ndi zimene adalakwitsa m'mphindi ziwiri zomaliza za masewera othinana. Mu 2016 idakhwimitsa chilango cha faulo yadala yochitidwa kwa munthu amene alibe mpira m'mphindi ziwiri zomaliza za chigawo chilichonse. Ndipo kuyambira 2019 mphunzitsi ali ndi ufulu wopempha kuti oimbira aonenso pa kanema faulo imene yalembedwa kwa wosewera wake. Aphunzitsi ambiri amasunga mwayi umenewu mosamala, podikira nthawi imene senta wawo angalembedwe faulo yachinayi kapena yachisanu.

Komabe kanema amangoonetsa kuti matupi adakhudzana. Kuweruza ngati kukhudzanako kuli kolakwa ikadali ntchito ya munthu, ndipo munthu amalakwitsa. Chifukwa chake senta wanzeru amaphunzira oimbira monga mmene amaphunzirira adani ake. M'mphindi zoyamba amaona ngati tsikulo wezulo ikulira msanga kapena mochedwa, ndipo amasintha kasewero kake moyenera. Amadziwa kuti faulo yochitidwa kutali ndi dengu, kapena yochitidwa mwaukali pobwezera, ndi chimanga chotayidwa pabwalo, pamene faulo yoletsa mapointi awiri otsimikizika m'mphindi yomaliza ingathe kugula chikho. Amadziwanso kuti kukangana ndi woimbira sikudafufutepo faulo m'buku, koma kwatulutsapo anthu ambiri m'bwalo.

Achinyamata amene akuphunzira masewerawa m'masukulu ndi m'makoleji, makamaka aatali amene aphunzitsi awaika pansi pa dengu, akumbukire kuti iwo ali ndi mafaulo asanu okha. Chamberlain adasunga mafaulo ake mpaka anzake adamukayikira. Pollard adawamaliza m'mphindi 11. Russell adasewera ndi asanu mpaka wezulo yomaliza, osaleka kutchinga, ndipo Olajuwon adatenga zaka kuti aphunzire nthawi yodumpha ndi nthawi yoima. Omvera amene adzapeze mwayi woonera masewera a basiketibolo, kaya pabwalo kaya pa kanema, adzayang'ane chiwerengero cha mafaulo a senta pamene chigawo chachitatu chikutha. Nthawi zambiri chiwerengero chimenecho chimaneneratu kumene masewera akupita.